Kudikira Chinkhoma pa Phiri la Dedza

Tenti tinabwereka kwa a Chimbalanga, mlonda wa nkhalango,
yong'ambika pakona, yosokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza.
Anatilemba m'kaundula wawo:
anthu awiri, usiku umodzi, moto usatuluke m'mafuwa.
Anandiyang'ana nthawi yaitali asanandipatse cholembera.
Amandidziwa.
Anandithamangitsapo kawiri m'phiri lomweli,
ine waya m'thumba, iwo mphumu m'chifuwa.

Sigele, mwana wanga wa Sitandade 6,
anaona chinkhoma m'buku la kusukulu
nandifunsa ngati nyamayi ilikodi kapena anangoijambula.
Ndinameza malovu.
Ndikanamuuza bwanji kuti ndimadziwa kulemera kwake paphewa,
kuti ubweya wake umathothoka m'manja ngati udzu wouma,
kuti yunifolomu yake yoyamba
inachokera m'mwendo wa nyama yomweyo?

Tinakwera.
Mapaini anatha, msewu wopita kunsanja za mafoni unakhota,
ife tinatsata kanjira ka otola nkhuni.
Kumunsi tauni inafota:
denga la chipatala ngati chivundikiro cha botolo,
basi ya ku Lilongwe ikukwawa ngati bongololo,
uko Mozambiki atagona chagada, wopanda mpanda.
Anyani anatitukwana ali pathanthwe.
Sigele anawabwezera, mawu ndi mawu, mpaka anachita manyazi ndi iwo.

Chisanu cha Juni sichipempha malo.
Chinalowa m'tenti tisanalowemo ife.
Tinakwirira mbatatesi zisanu m'phulusa,
ziwiri zinapserera, tinadya ndi makala omwe,
mchere tinauiwala pawindo kunyumba.
Nkhungu inabwera n'kumeza tochi.
Kadzidzi analira, mwana anandigwira chigongono,
kenaka anati, amenewo ndi mawu chabe, eti bambo?
Eya. Mawu chabe.

Ndikupita kukataya madzi kuseri kwa mwala
phazi langa linakodwa.
Waya wa buleki ya njinga, wopindidwa bwino,
womangidwa patsinde la msuku pomwe nyama imadumphira.
Ndinaunika mfundo yake.
Yokhota kawiri, mchira wobwerera m'mbuyo.
Mfundo imeneyi ndi yanga.
Ndinaphunzitsa Zakeyu, mwana wa mlongo wanga,
chaka chimene chimanga chinapsa ndi dzuwa chisanamasule.
Zala zinauma ndi kuzizira, komabe zinakumbukira njira,
zinamasula chimene zinamangitsa.
Ndinauika m'thumba, momwe unkakhala kale.
Mawa ndikaupereka kwa a Chimbalanga,
dzina la mwini sindikudziwa ngati ndikatchule.

M'bandakucha ndinakhala pakhomo la tenti, bulangete kumutu.
Mbira zinatuluka kudzadikira dzuwa.
Khwangwala wa kolala yoyera anazungulira, osapeza kanthu.
Ndiye, pamwamba pa thanthwe losongoka,
chilili!
Miyendo inayi itasonkhana pamalo osakwana chikhatho,
chaima ndi nsonga za ziboda ngati chikuopa kudetsa mwala,
makutu tcheru, mphuno yonyowa ikuwerenga mphepo.
Zaka zonsezi ndinali ndisanachionepo chikupuma mosathamanga.

Mwana ali m'tulo kumbuyo kwanga.
Ndikayankhula, chithawa.
Ndikakhala chete, ndachiba kachiwiri.
Ndinatambasula dzanja pang'onopang'ono
n'kutsina chala chachikulu cha phazi lake.
Anadzuka ndi mkuwe, ayi-i!
Thanthwe linatsala lokha.

Mwachiona?
Ndaona matako okha, bambo, akulowa m'nkhungu.

Potsika anali patsogolo, akudumpha mwala ndi mwala
pa nsonga za zala, nsapato zili m'manja.
Kope lake lili ndi chithunzi tsopano:
mwala waukulu, nkhungu ya pensulo yofufutidwa ndi chala,
ndi timiyendo tiwiri takumbuyo tili m'malere.
Pansi pake walemba kuti: Chilikodi.
Waya ukundibaya ntchafu pa sitepe iliyonse.